JEEP YA PA NKHONDO YACIWIRI: ANTHU AMENE AMAUKITSA ZITSULO ZAKALE

Caka ciri conse, m'masiku oyamba a mwezi wa Juni, misewu yopapatiza ya ku Normandy, kumpoto kwa dziko la France, imadzala ndi magalimoto ang'onoang'ono obiriwira moderako, opanda zitseko, okhala ndi nyenyezi yoyera pa boneti. Ena amabwera pa zombo kucokera ku England, ena amayenda okha pang'onopang'ono kucokera ku Belgium ndi ku Netherlands. Amadza kudzakumbukira tsiku la 6 Juni 1944, pamene asilikali a America, Britain ndi Canada anatsikira pa magombe a kumeneko kuti alanditse France m'manja mwa Hitler. Ambiri a magalimoto amenewa apitirira zaka 80, komabe injini zao zimalira bwino monga ngati anaturuka m'fakitale dzulo.

Eni ake si asilikali ai. Ndi anthu wamba, alimi, aphunzitsi, amakanika ndi ena opuma pa nchito, amene anagula cigoba ca galimoto codyeka ndi dzimbiri, nataya zaka zambiri ndi ndalama zao kuti acibwezere mwakale. Palibe amene amawalipira. Ndi nchito yapamtima, yocita madzulo ndi pa Loweruka. Munthu angafunse kuti: kodi munthu wamkulu, wa banja lake, amapezamo ciani m'citsulo cakale ca nkhondo? Kuti tiyankhe bwino, tiyeni titsate galimoto imodzi yokha, imene okonda nchitoyi amaifuna koposa zonse, ndiyo Jeep.

KUBADWA KWAKE

M'caka ca 1940 nkhondo inali itayaka kale ku Ulaya, ndipo akuluakulu a asilikali a America anaona kuti posacedwa idzawakhudza. Anafuna galimoto yaing'ono, yopepuka, yokoka ndi mawilo onse anai, yoti ilowe m'malo mwa kavalo ndi njinga yamoto. Analembera makampani 135, nawapatsa masiku 49 okha oti abweretse citsanzo coyenda. Kampani imene inakwanitsa inali yaing'ono ndi yosauka, dzina lake American Bantam, ya m'tauni ya Butler ku Pennsylvania. Inapereka galimoto yake m'mwezi wa Seputembala caka comweco.

Koma Bantam inalibe mphamvu zopangira magalimoto ambirimbiri. Motero m'caka ca 1941 nchito yaikuru inapatsidwa kwa kampani ya Willys-Overland ya ku Toledo, Ohio, imene inali ndi injini yamphamvu kuposa anzake: ya masilinda anai, malita 2.2, ndi mphamvu yoyerekezedwa ndi ya akavalo 60. Popeza nayonso Willys sinathe kukwaniritsa ciwerengero cofunika, kampani ya Ford inauzidwa kupanga galimoto yomweyo potsata mapulani a Willys. Ya Willys inachedwa MB, ya Ford inachedwa GPW. Pofika m'caka ca 1945, Willys inali itapanga magalimoto oposa 350,000, ndipo Ford pafupifupi 280,000. Lamulo linali lakuti citsulo ca imodzi cizilowa bwino pa inzake, kuti makanika wa kunkhondo asabvutike. Lamulo limeneli linapulumutsa miyoyo nthawi imeneyo, koma monga tidzaona, ndilo limazunguza mitu ya okonza magalimotowa masiku ano.

Nkhondo itatha, magalimoto otsala anagulitsidwa mochipa. Alimi a ku Ulaya analimira nao minda. Ku Philippines anthu anawatalikitsa ndi kuwakongoletsa, nawasandutsa mabasi ang'onoang'ono ochedwa jeepney. Ku Britain, Maurice Wilks, mkuru wa amisiri a kampani ya Rover, anali ndi Jeep yotere pa famu yake ku Anglesey. Iye anaganiza zopanga galimoto yofanana nayo yothandiza alimi. Citsanzo coyamba cinamangidwa pa chasisi ya Jeep m'caka ca 1947, ndipo mu Epulo 1948 Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam. Tsono ife amene tinakula tikuona Land Rover ikufwenthera m'misewu ya fumbi, itanyamula odwala kapena matumba a cimanga, tinali kuona mdzukulu wa Jeep ya kunkhondo.

FUNSO LOYAMBA: KODI NDIWE YANI?

Jeep yoti ikonzedwe kawirikawiri imapezeka m'khola la pa famu kapena kuseri kwa garaji, matayala ataphwa, mbewa zitamanga zisa m'mipando. Wodziwa nchito sathamangira sipanala. Amayamba ndi kufufuza kuti galimotoyo ndi yani kwenikweni.

Pali zizindikiro zimene amayang'ana. Citsulo copingasa kutsogolo kwa chasisi, pansi pa rediyeta, cimakhala cobulungira ngati paipi pa Willys, koma pa Ford ndi copindidwa ngati ngalande yozondoka. Nambala ya Willys inalembedwa pa kacitsulo kokhomeredwa kutsogolo kwa chasisi, pamene ya Ford inadindidwa pa chasisi penipenipo, ndipo inali yofanana ndi nambala ya injini. Kampani ya Ford inadindanso cilembo ca F pa zitsulo zake zambiri, ngakhale pa mitu ya mabauti. Magalimoto oyambirira anali ndi dzina la kampani kumbuyo, mpaka m'caka ca 1942 pamene asilikali analetsa zimenezo. Pa citseko ca kabokosi ka patsogolo pa wokwera pali timapuleti tonena tsiku limene galimotoyo inaperekedwa kwa asilikali.

Bvuto ndi lakuti Jeep yosasakanizika njosowa kwambiri. Amakanika a kunkhondo anali kuika injini ya Ford m'galimoto ya Willys popanda kuganiza kawiri. Kuonjezera apo, kuyambira m'caka ca 1955 mpaka 1966 kampani ya Hotchkiss ya ku France inapanga magalimoto oposa 27,000 ofanana kwambiri ndi a kunkhondo, ochedwa M201. Asilikali a France analinso ndi malo okonzera magalimoto pafupi ndi Paris, kumene anali kuphwasula ma Jeep akale ndi atsopano, kuunjika zitsulo zabwino pamodzi, ndi kumanganso magalimoto osayang'ana kuti ici n'ca Ford, ca Willys kapena ca Hotchkiss.

Apa ndi pamene mtima wa munthu umayesedwa. Jeep imene inapangidwa m'caka ca 1943 imagulidwa ndalama zambiri kuposa ya m'caka ca 1960. Timapuleti tatsopano topanda cilembo timagulitsidwa poyera, ndipo munthu angathe kudindapo tsiku liri lonse limene afuna. Akapaka utoto wobiriwira ndi nyenyezi yoyera, wogula wosadziwa amakhulupirira kuti wagula galimoto imene inaponda mcenga wa ku Normandy, pamene inapangidwa nkhondo itatha kalekale. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Hotchkiss si galimoto yoipa, ndipo ena amati njolimba kuposa ya kunkhondo. Coipa ndi kuipatsa dzina losakhala lake.

KUPHWASULA NDI KUMANGANSO

Mwini akadziwa cimene ali naco, amayamba kuphwasula. Amajambula zithunzi za malo ali onse asanamasule kanthu, ndipo mabauti a malo amodzi amawaika m'kathumba kao kolembedwa dzina, pakuti cimene wamasula lero mwina adzacibwezera patapita zaka zitatu.

Asanacotse utoto wakale, munthu wosamala amatenga pepala lokhulira napala pang'onopang'ono m'mbali mwa boneti ndi pa mabampa. Pansi pa utoto wofiira wa mlimi ndi wobiriwira wa asilikali ena a pambuyo pake, nthawi zina pamaturuka nambala yeniyeni ya galimotoyo ndi zilembo za gulu la asilikali limene inatumikira. Wopupuluma, amene amangopopera mcenga ndi mphepo yamphamvu kuti dzimbiri licoke msanga, amafafaniza umboni umenewu m'mphindi zocepa, ndipo sudzabweranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mdani wamkuru ndi dzimbiri. Pansi pa thupi la Jeep pali timipanda tacitsulo tolimbitsa, ndipo m'kati mwake opanga anaikamo matabwa. Matabwa amenewa amamwa madzi, nadyetsa citsulo kucokera m'kati. Pansi pa thanki ya petulo, imene iri kunsi kwa mpando wa woyendetsa, napo pamasonkhana matope ndi cinyezi. Malo obooka amadulidwa, cigamba catsopano cimapindidwa ndi kuwochereredwa, kenaka cimasalazidwa kufikira msoko utabisika. Injini imatsegulidwa yonse: masilinda amayezedwa, mapisitoni ndi mabeyaringi otha amasinthidwa, ndipo buloko imafufuzidwa ngati inang'aluka ndi madzi oundana m'nyengo ya cisanu ya kumaiko ozizira. Giyabokisi ya magiya atatu ndi inzake yotumiza mphamvu ku mawilo akutsogolo zimacitidwa cimodzimodzi. Potsiriza pamabwera utoto wosanyezimira, mipando ya seyala, fosholo ndi nkhwangwa zomangidwa m'mbali mwa woyendetsa, ndi cigubu ca petulo kumbuyo.

Mwai wa okonza Jeep ndi wakuti pafupifupi citsulo ciri conse cimapangidwanso catsopano masiku ano. Ngakhale thupi lathunthu lingagulidwe, ndipo ambiri amacokera ku Philippines komwe kuja. Koma mwai umenewu umabala funso lina. Taganizani za khasu la agogo anu: atate anu anasintha mpini, inu mwasintha citsulo cake. Kodi likali khasu la agogo? Momwemonso, Jeep ya thupi latsopano, injini ya kwina ndi mawilo ogula dzana, yatsala ndi ciani ca m'caka ca 1943? Okonda nchitoyi sagwirizana pa yankho. Ena amafuna galimoto yooneka monga tsiku limene inaturuka m'fakitale. Ena amati cigamba ciri conse ndi kuphwanyika kuli konse ndi mbiri, motero amangoletsa dzimbiri nasiya zipsera zioneke. Pa cinthu cimodzi cokha onse oona mtima amabvomerezana: unene poyera cimene wasintha.

KUISAMALA KUTI IKHALE YAMOYO

Kumaliza kumanga si kutha kwa nchito. Galimoto yakale imaonongeka msanga ikangokhala kusiyana ndi ikamayenda. Mafuta a mabuleki amakoka cinyezi, ndipo timapisitoni ta m'mawilo timagwira dzimbiri n'kuuma. Petulo wokhalitsa amasanduka phula m'kabuleta. Petulo wa masiku ano, amene m'maiko ambiri amasakanizidwa ndi ethanol, amadya mapaipi a mphira akale. Magetsi a Jeep ya kunkhondo ndi a mavoti 6 okha, osati 12 monga magalimoto athu, motero nthambo yoonda kapena polumikizira pa dzimbiri pamakwanira kuti injini ikane kulira. Mwini wabwino amailiza kawirikawiri, amaiyendetsa mpaka itenthe, amathira girisi m'malo ake onse, nasintha mafuta a m'cosefera mpweya, pakuti cosefera cake cimagwira fumbi ndi mafuta osati ndi pepala.

Palinso ngozi zimene woyamba kumene ayenera kuzidziwa. Mabuleki akale anali ndi asibesitosi, amene fumbi lake limaononga mapapo. Utoto wakale kawirikawiri uli ndi mtobvu, ndipo suyenera kupalidwa popanda cophimba kumphuno. Mawochi ena a magalimoto a nkhondo anapakidwa utoto wa radium kuti aziwala usiku. Kuwala kunatha kalekale, koma ululu wake umakhala zaka mazana ambiri, cotero galasi lake siliyenera kutsegulidwa wamba. Marimu a Jeep ndi a zigawo ziwiri zomangidwa ndi mabauti, ndipo womasula mabauti amenewo tayala liri ndi mpweya angabvulale koopsa. Pa msewu, galimotoyi iribe lamba, iribe denga lolimba, ndipo imagubuduka msanga pokhota mothamanga. Inapangidwira anyamata opita kunkhondo, amene ngozi ya pa msewu inali yocepa pa ngozi zao zonse.

MTENGO WAKE PA BANJA

Tisabise: nchito imeneyi imadya ndalama ndi nthawi. Kawirikawiri zimene munthu amaononga pokonza zimaposa mtengo umene angagulitsire galimotoyo. N'cifukwa cake m'manyuzi a okonda magalimotowa simusowa malonda a Jeep yophwasulidwa, yogulitsidwa m'makatoni, mwini wake atatopa kapena ndalama zitamthera. Kuseri kwa malonda otere nthawi zina kuli mai amene anakhala yekha madzulo ambiri, ndi ana amene anadziwa msana wa atate wao kuposa nkhope yao. Koma kulinso mabanja amene garaji inawasonkhanitsa, kumene mwana anaphunzira kugwira sipanala pambali pa atate kapena amai ake, ndi kumene agogo osakonda kulankhula anayamba kusimba za unyamata wao ataona ciwongolero cimene anacidziwa kale. Kusiyana kwa mabanja awiriwa kuli pa kupangana poyamba: ndalama zingati, masiku ati, ndipo nchito ya yani.

Mutu umodzi susenza denga. Ku Britain kuli bungwe la Military Vehicle Trust, limene ciyambi cake ndi ca m'caka ca 1968, ndipo ku America kuli Military Vehicle Preservation Association, lokhazikitsidwa m'caka ca 1976. Mamembala amabwerekana zida, amasinthana zitsulo, nathandizana kuzindikira galimoto yabodza. M'caka ca 2009 a bungwe la ku America anayendetsa mdipiti wa magalimoto akale kucokera ku Washington mpaka ku San Francisco, kutsata njira imene asilikali anayenda m'caka ca 1919 pa ulendo wa masiku 62, umene Dwight Eisenhower anali nao akali msilikali wacinyamata.

KODI SI KUKOMETSA NKHONDO?

Funso ili ndi loyenera, ndipo sitingalilumphe. Galimoto yotsukidwa bwino, yoyenda pa dzuwa pakati pa anthu oombera m'manja, ingapangitse mwana kuganiza kuti nkhondo ndi cikondwerero. Pa zionetsero zina pamabwera anthu obvala yunifomu za asilikali a Hitler, ndipo ambiri zimawanyansa. Ku Germany lamulo limaletsa kuonetsa poyera cizindikiro ca cipani ca Nazi.

Komabe citsulo cosungidwa moona cingakhale mboni yabwino. Ku Bovington, kumwera kwa England, kuli nyumba yosungiramo akasinja. M'menemo muli kasinja wa Germany wochedwa Tiger 131, amene asilikali a Britain anamlanda ku Tunisia mu Epulo 1943. Nchito yomkonza inayamba m'caka ca 1990, ndipo anayendanso ndi mphamvu yake m'caka ca 2003. Amamliza masiku owerengeka okha pa caka kuti asathe. Woimirira pafupi, namva nthaka ikunjenjemera, amazindikira pang'ono mantha a mnyamata amene anakumana ndi cirombo cimeneci atagwira mfuti yokha. Buku silingamphunzitse zimenezo.

Nayo Jeep inaona zambiri. Inanyamula akuluakulu a nkhondo ndi mfuti, komanso inamangidwa macira n'kuturutsa obvulala m'malo amene ambulansi sikanafika. Boneti yake yafulati inali thebulo la mapu ndi la cakudya, ndipo nthawi zambiri inali guwa la Misa. Pali cithunzi codziwika ca m'caka ca 1950 ca Bambo Emil Kapaun, wansembe wa ku Kansas, akupereka nsembe ya Misa pa boneti ya Jeep m'munda wa ku Korea. Caka cotsatira iye anamwalira m'ndende ya akaidi a nkhondo.

Ndipo nkhani imeneyi si ya Azungu okha. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment, ana a dziko lino, anamenya nkhondo ku Somaliland m'caka ca 1940, ndipo m'caka ca 1944 anali ku Burma pamodzi ndi anzao a ku Nyasaland, Kenya, Uganda ndi Tanganyika, akudutsa cigwa ca Kabaw m'nyengo ya mvula yoopsa, m'matope ndi malungo. Anthu akuda ambiri anaphunzira kuyendetsa ndi kukonza magalimoto ku usilikali, nabwera nalo luso limenelo kumudzi. Pafupifupi onse a mbadwo umenewo anatisiya. Pamene pakamwa pa mboni patsekeka, zotsala ndi mapepala, zithunzi ndi zitsulo.

Apa ndipo pali yankho la funso lathu loyamba lija. Wokonza Jeep amene amapala utoto modekha kuti apeze nambala yeniyeni, amene amakana kudinda tsiku labodza, amene amauza mwana womfunsa kuti galimotoyi inanyamulanso mitembo, akusunga cikumbutso ca anthu amene sangathenso kudzilankhulira. Amene amabisa zigamba napeka mbiri yokoma akungosewera ndi cidole codula, ndipo akunamiza akufa pamodzi ndi amoyo.

Ambiri a ife sitidzagula Jeep ya m'caka ca 1943. Koma kuseri kwa magaraji ena ndi pansi pa mitengo ya mango m'mafamu akale mukali ma Land Rover ndi malole a Bedford ogona pa miyala, ndipo ogula zitsulo zakale amayendayenda ndi sikelo zao. Musanalole kuti galimoto yotere idulidwe, lembani nambala ya chasisi yake, ijambuleni cithunzi, ndipo mukafunse mkulu amene anaiyendetsa kuti inacokera kuti ndi kuti inanyamula yani. Citani zimenezi iye akali ndi moyo.